GDB ikuonetsa nambala yosatheka: ndikhulupirire compiler kapena chip?

Funso lochokera ku Dedza, cha ku Bembeke: "Ndikupanga kachipangizo koyendetsa pampu ya sola yothirira kachewere kudimba m'chilimwe. Ndagwiritsa ntchito STM32F103 ya flash ya 64 KB, ndipo ndimamanga pulogalamu ndi arm-none-eabi-gcc pa -O2 chifukwa pa -O0 sikukwana. Ndikaimitsa pulogalamu mu GDB kudzera pa ST-Link ndi OpenOCD, variable yanga `mlingo`, yosunga zomwe ADC yawerenga za madzi m'thanki, ikuonetsa 536878912 pomwe pampu ikuyenda bwinobwino. Ndikachita `next` mizere imangodumphadumpha, ndipo `bt` nthawi zina imathera panjira. Mnzanga akuti compiler ikulemba zabodza. Ndikhulupirire ndani, nanga ndipitirize bwanji kufufuza vuto langa lenileni, loti pampu imazima yokha masana?"

Achimwene, tiyambire pa nambala yanuyo, chifukwa yatiuza zambiri kale. ADC ya STM32F103, gawo la chip losandutsa mphamvu ya magetsi kukhala nambala, ndi ya ma bit 12, choncho singatulutse nambala yoposa 4095. Tsono lembani `p/x mlingo` muione mu hex. Ituluka 0x20001f40. RAM ya chip imeneyi imayambira pa 0x20000000, ndipo ya 20 KB imathera pa 0x20005000. Ndiye kuti zomwe GDB, debugger yanu yofufuzira zolakwika mu pulogalamu, yakuonetsani si madzi a m'thanki ayi, ndi adiresi ya chinthu china cha mu RAM. GDB yapita kukayang'ana mu register (kamalo kosungiramo nambala m'kati mwa chip) yomwe inauzidwa kuti muli `mlingo`, yapeza mutakhala pointer, ndiye kuti adiresi ija, n'kuiwerenga ngati nambala yanu. Pampu ikuyenda bwino chifukwa chip ikudziwa komwe kuli nambala yeniyeni. Amene wasochera ndi GDB yekha.

Chifukwa chake n'chakuti mukamanga ndi -g, compiler, pulogalamu yomasulira code yanu kukhala malangizo a chip, imatulutsa zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi malangizo omwe chip imatsatira, aja amalowa mu flash. Chachiwiri ndi mafotokozedwe olembera debugger, m'kalembedwe kotchedwa DWARF, omwe amakhala mu fayilo ya ELF pa kompyuta yanu ndipo safika n'komwe pa chip. Mu `.debug_info` muli mayina a ma variable ndi mitundu yake. Mu `.debug_line` muli kaundula wonena kuti adiresi yakuti ikuchokera pa mzere wakuti. Mu `.debug_frame` muli njira yobwerera m'mbuyo kuchoka mu function kupita kwa amene anaiitana. Ndipo mu `.debug_loc`, kapena `.debug_loclists` ngati ndi DWARF 5, muli mndandanda wonena kuti kuchokera pa adiresi iyi kufika pa iyo, variable yakuti ili mu register yakuti. GDB ilibe maso ena oonera pulogalamu yanu kupatula zolembedwazi.

Zili ngati lole yonyamula kachewere pa Lizulu. Kondakitala walemba m'kope kuti matumba a uje ali kutsogolo kumanzere, koma anyamata opakira, pofuna kuti katundu akwane, asuntha matumbawo kawiri katatu. Katundu yense alimo ndipo akafika ku Lilongwe, koma wotsatira kope atsitsa thumba la eni ake. Pa -O2 compiler ndiye imapakira, ndiyenso imalemba kope, ndipo nthawi zina dzanja lolemba limatsalira m'mbuyo.

Choncho pa funso lanu loti mukhulupirire ndani, khulupirirani ma register ndi memory, chifukwa ndi zomwe chip ikugwiritsa ntchito. Koma musafulumire kuweruza compiler monga wachitira mnzanuyo. Pa ntchito zotere, nthawi zambiri wolakwa amapezeka pafupi kwambiri.

Muyambe ndi kutsimikiza kuti fayilo yomwe mwapatsa GDB ndi yomweyo yomwe ili mu flash. Munthu amasintha mzere umodzi, kumanganso, kuiwala kulowetsa pa chip, kenaka GDB n'kumawerenga mafotokozedwe atsopano pa pulogalamu yakale. Zizindikiro zake n'zofanana ndendende ndi zanuzi: nambala zopanda mutu, mizere yosokonekera, `bt` (mndandanda wa ma function omwe anaitanana) yodukaduka. Mukalumikiza ku OpenOCD lembani `compare-sections`. GDB ifananiza gawo lililonse la fayilo ndi zomwe zili pa chip, n'kunena kuti matched kapena MIS-MATCHED. Ngati `.text` sinagwirizane, lembani `load`, ndipo mwina nkhani ya bodza yathera pomwepo.

Kenaka onani pomwe mwaima. Ngati breakpoint ili pa mzere womwe `mlingo` imalandirira nambala yake, mzerewo sunachitike, ndipo chilichonse chomwe chili m'malo mwake ndi zotsalira za ntchito yapitayo. Apo palibe wanama.

Zimenezi zikapanda kufotokoza, funsani GDB kuti yauzidwa zotani. Lembani `info address mlingo`, kapena `info scope werenga_thanki` ngati ndilo dzina la function yanu. Pa -O2 mupeza mndandanda wa magawo a adiresi, lililonse ndi malo ake: apa ili mu r0, apa mu r3, apa pa stack. Yerekezani ndi `p/x $pc`, yoonetsa adiresi yomwe pulogalamu yaima, kuti mudziwe gawo lomwe mulimo. Ndiye tsegulani `disassemble /s` muwerenge malangizowo ndi maso anu. Anthu ambiri amaopa apa, koma simufunika kudziwa assembly yonse ya ARM. Mungotsatira nambala imodzi. Pa ARM, function imabweza yankho lake mu r0, ndipo ma argument anayi oyamba amalowa mu r0 mpaka r3. Pezani `bl` yoitana function yowerenga ADC. Mzere wotsatira, nambala yanu ili mu r0. Ngati muona `mov r4, r0`, yasamukira mu r4. Mukapeza `ldr r3, [pc, #..]` ikulowetsa adiresi mu r3, pomwe mndandanda uja ukunenabe kuti pa adiresi imeneyo `mlingo` ili mu r3, mwagwira bodza pamalo pake, ndipo muli ndi umboni osati kungoganiza.

Apa ndikufuna musiyanitse zinthu ziwiri zomwe anthu amaziika m'thumba limodzi. GDB ikalemba `<optimized out>` yanena zoona: nambalayo compiler yathana nayo ndipo sikusungidwanso paliponse. Zimakwiyitsa, koma n'zololeka. Chosaloleka ndi kuonetsa nambala yolakwika ngati yoona. Chimenecho ndi cholakwika chenicheni, ndipo opanga GCC amachiwerengera choncho. M'kaundula wawo wa zolakwika, wa Bugzilla, muli chizindikiro cha wrong-debug, ndipo m'mayeso a GCC muli gulu lotchedwa guality lomwe limayendetsa GDB n'kuona ngati nambala zoonetsedwa zili zoona pa ma -O osiyanasiyana. Ndiye mnzanu uja akhoza kukhala kuti walondola. Zimachitika ndithu, makamaka pomwe function yalowetsedwa m'kati mwa inzake kapena pomwe mwayatsa -flto, flag yolola compiler kukonza code ya mafayilo onse pamodzi.

Palinso mpata woti compiler yalemba zoona koma GDB ndiyo sikumva. DWARF 4 inatuluka mu 2010, DWARF 5 mu 2017, ndipo kuyambira pa GCC 11 compiler imalemba DWARF 5 yokha mukangoti -g. Ngati compiler yanu ndi yatsopano koma GDB munaitenga kalekale pa kompyuta ya mnzanu, mangani ndi -gdwarf-4 muone ngati zinthu zikhazikika. Flag imeneyi sisintha malangizo olowa mu flash, imangosintha kalembedwe ka mafotokozedwe, motero kuiyesa sikuononga kanthu. Kuti muone zomwe zalembedwa popanda kudalira GDB, gwiritsani ntchito `arm-none-eabi-readelf --debug-dump=info` ndi `--debug-dump=loc`. Ngati readelf ikuonetsa r4 pomwe GDB ikuwerenga r3, wolakwa ndi debugger. Pali chida china, `llvm-dwarfdump --verify`, koma dziwani malire ake: chimayesa ngati zolembedwazo zili m'dongosolo loyenera, sichingadziwe ngati r3 ilidi ndi madzi anu.

Tsopano za kuzemba vutoli kuti ntchito ipitirire.

Njira yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi yosakhudza pulogalamu ngakhale pang'ono. Mwadziwa kale kuti pambuyo pa `bl` ija nambala ili mu r0. Ikani breakpoint pa adiresi yeniyeniyo, `break *0x08001a3c` kapena iliyonse yomwe mwaipeza, osati pa nambala ya mzere. Kenaka lembani `commands`, m'kati mwake `silent`, `printf "mlingo=%u\n", $r0`, `continue`, ndi `end`. Mwadzipangira nokha mafotokozedwe olondola m'malo mwa a compiler, ndipo pulogalamu yomwe mukuyesa ndi yomweyo yomwe imazimitsa pampu kudimba. Ubwino wake waukulu ndi umenewo. Mungokumbukira kuti adiresi imasintha mukamanganso, komanso kuti Cortex-M3 ili ndi ma breakpoint a hardware asanu ndi limodzi okha, ndipo a mu flash amadya amenewo.

Ngati zimenezo zikukuchedwetsani, tsitsani optimization pa fayilo imodzi yokha. Mwati -O0 sikwana mu 64 KB, koma palibe chokukakamizani kumanga mafayilo onse mofanana. Mu Makefile patsani fayilo yokhala ndi `werenga_thanki` -Og, ena onse akhale pa -O2 kapena -Os. -Og inabwera ndi GCC 4.8 pa ntchito yomweyi: imachepetsa code koma imasiya masinthidwe ambiri omwe amasokoneza debugger. Pa function imodzi mutha kuika `__attribute__((noinline))` kuti isasungunukire mwa inzake, ndipo izi zokha zimakonza `bt` ndi ma variable ambiri. Palinso `__attribute__((optimize("O0")))`, koma buku la GCC lenilenilo limati ndi ya pofufuza zolakwika basi, osati ya pulogalamu yokagwira ntchito, choncho muichotse mukamaliza.

Ena akuuzani kuti mungoika `volatile` pa `mlingo`. Zimathandiza kuiona, inde, chifukwa compiler imakakamizika kuisunga mu memory. Koma mwasintha pulogalamu yomwe mukufufuza, ndipo vuto la pampu likhoza kubisala. Ngati mukufuna njira imeneyi, ndi bwino kupanga variable ina ya global, `volatile uint16_t mlingo_wooneka`, n'kukoperamo nambala pa mzere umodzi. Ya global imakhala pa adiresi imodzi nthawi zonse, mafotokozedwe ake salakwika kawirikawiri, ndipo mutha kuiikira `watch` kuti chip iime nambala ikangodutsa malire.

Pa za mizere yodumpha sindichulukitsa, chifukwa kumeneko kawirikawiri si bodza. Compiler imasakaniza malangizo a mizere yoyandikana kuti chip isadikire, ndipo kaundula wa mizere amangonena zomwe zachitikadi. Lembani `display/i $pc` n'kumayenda ndi `stepi` kapena `nexti` m'malo mwa `next`. Mukafuna kuona kaundulayo monga GDB ikumuonera, `maint info line-table` ikuonetsani.

Chomwe simunachitchule, koma mudzakumana nacho, ndi struct, gulu la ma variable omangidwa pamodzi, yooneka ngati minda yake (ma variable a m'kati mwakemo) yasuntha. Mumalemba `p pampu` n'kupeza nambala ya munda wina ili pa unzake. Apa kawirikawiri compiler yalemba zoona kawiri. Mafayilo awiri amanga struct ya dzina limodzi mosiyana, mwina chifukwa wina ali ndi `#pragma pack`, kapena `#ifdef` ina, kapena library inamangidwa ndi enum ya ma byte anayi pomwe arm-none-eabi-gcc imafupikitsa enum kufika pa byte imodzi ikakwana. GDB imatenga tanthauzo limodzi mwa awiriwo. Lembani `ptype /o struct pampu` muone pomwe munda uliwonse ukuyambira, muyerekeze ndi `x/8xw &pampu`. Mukapeza kusiyana musakuzembe ayi, chifukwa limeneli ndi vuto la pulogalamu yeniyeni, osati la debugger lokha. `_Static_assert` ya `sizeof` mu header imaligwira pomanga pomwepo.

Nkhani ya `bt` ndiyo ndikufuna tiyende nayo pang'onopang'ono, chifukwa mwina ndi yomwe ikutsogolereni ku vuto la pampu. GDB imabwerera m'mbuyo potsatira `.debug_frame`. Code yolembedwa pamanja mu assembly, monga fayilo ya startup kapena gawo la RTOS (pulogalamu yogawa nthawi ya chip ku ntchito zosiyanasiyana) losintha ma task, nthawi zambiri ilibe mafotokozedwe amenewa pokhapokha wolembayo anaika `.cfi_startproc` ndi anzake. GDB ikafika pamenepo imayamba kungoyerekeza, n'kuima kapena kutchula ma function omwe sanaitanidwe. Stack yosefukira imachitanso chimodzimodzi, ndipo pa RAM ya 20 KB zimenezo si zachilendo. Koma Cortex-M ili ndi khalidwe lomwe silidalira compiler. Ikalowa mu interrupt kapena mu HardFault, komwe chip imathamangira pulogalamu ikalakwa kwambiri, hardware yokha imasunga ma register asanu ndi atatu pa stack motsatana chonchi: r0, r1, r2, r3, r12, lr, pc, xPSR. Ikani breakpoint pa langizo loyamba lenileni, `break *HardFault_Handler`, ndi nyenyeziyo, kuti muime stack isanasunthe. Mukaima onani `$lr`. Ikakhala 0xfffffff9 zinasungidwa pa stack yaikulu, ndiye lembani `x/8xw $msp`. Ikakhala 0xfffffffd zili pa stack ya task, `x/8xw $psp`. Nambala yachisanu ndi chiwiri ndi adiresi yomwe pulogalamu inali pomwe inagwa, ndipo yachisanu ndi chimodzi nthawi zambiri imaloza kwa amene anaitana. Zipatseni `info line *` kapena `arm-none-eabi-addr2line`. Mwapeza malo a ngozi popanda `bt`.

Kuzemba kotereku si manyazi ndiponso si ntchito yachidule. GDB yomwe, chiyambire pomwe Richard Stallman anailemba mu 1986, yakhala ikukumana ndi ma compiler olemba zolakwika, ndipo m'kati mwake muli code yochuluka yongowazemba. Compiler iliyonse imasaina dzina lake ndi version mu DW_AT_producer, zomwe mutha kuziona ndi `info source`. GDB imawerenga siginechayo n'kusintha kamvedwe kake. Ma compiler a Intel asanafike pa version 14 sankaika chizindikiro chonena kuti struct yangotchulidwa dzina koma sinafotokozedwe, ankangoipatsa kukula kwa ziro, ndipo GDB ikaona siginecha yawo imaitenga struct yotereyo ngati yosamaliza. Compiler ya CodeWarrior inkalemba molakwika chizindikiro cha is_stmt, chonena malo oyenera kuima pa mzere, ndipo GDB imachinyalanyaza ikadziwa kuti wolemba ndi ameneyo. Onani mmene amachitira: kuzemba kulikonse kumamangiriridwa ku compiler yakutiyakuti, nthawi zina ndi version yake, kuti ena olemba zoona asakhudzidwe. Inunso teroni. Malamulo anu aja a `$r0` muwaike mu `.gdbinit` ya pulojekiti pansi pa `define`, ndipo pamwamba pake mulembe version ya compiler ndi ma flag monga `info source` yanenera. Mukadzasintha compiler, nambala ikhoza kudzakhala mu register ina, ndipo kuzemba kosalembedwa chifukwa chake kudzakhala kukunamizani ndiko.

Mukatsimikiza kuti ndi compiler, chonde kawauzeni eni ake. Dulani pulogalamu mpaka itsale mizere yochepa yomwe ikuonetsabe nambala yolakwika. Zida monga C-Reduce ndi cvise zimathandiza kudula. Yesani pa GCC yatsopano kaye, mwina anakonza kale. Tumizani fayilo yaing'onoyo, ma flag, version, ndi zomwe readelf yatulutsa pambali pa zomwe `disassemble` yaonetsa. Lipoti lochokera ku Bembeke amaliwerenga mofanana ndi lochokera kwina kulikonse, bola likhale ndi umboni.

Nanga pampu yozima masanayo? Ine ndikanayamba ndi kufunsa ngati chip ikuyambiranso yokha. STM32F103 imasunga chifukwa cha reset yomaliza mu register ya RCC_CSR, pa adiresi 0x40021024. Bit 29 ikayaka ndiye kuti watchdog ya IWDG, kamlonda ka m'kati mwa chip koiyambitsanso pulogalamu ikakakamira, ndiyo inaiyambitsanso, bit 27 ndi magetsi kutsika kapena kuduka, bit 28 ndi pulogalamu yokha. Muiwerenge poyambirira penipeni pa `main`, muisunge, kenaka muifufute ndi bit 24 kuti zifukwa zisaunjikane. Pa makina a sola, pampu ikamayamba kukoka magetsi, kapena mtambo ukadutsa, mphamvu yopita ku chip imatha kugwa kwa kanthawi, ndipo palibe debugger ingakuonetseni zimenezo mu variable. Chachiwiri, yang'anani variable iliyonse yomwe interrupt imalembamo pomwe `main` ikuiwerenga. Ngati ilibe `volatile`, pa -O2 compiler ili ndi ufulu woiwerenga kamodzi n'kuisunga mu register, ndipo `main` sidzaona kusintha. Apa ndiye `volatile` ili pamalo pake. Mangani ndi -Wall -Wextra muwerenge chenjezo lililonse, makamaka la variable yogwiritsidwa ntchito isanapatsidwe nambala.

Ndipo mukamayesa kudimbako samalani ndi kuimitsa chip pampu ili pa ntchito. Core ikaima pa breakpoint, ma timer ndi watchdog amapitirira pokhapokha mwawauza kuti aime kudzera mu register ya DBGMCU_CR. Ndiye kuti PWM, siginolo yochokera ku timer, ikhoza kumayendetsabe pampu popanda wowerenga mlingo, thanki n'kusefukira kapena pampu n'kumakoka mphepo chitsime chitaphwa, ndipo watchdog ikhoza kuyambitsanso chip muli pakati powerenga ma register. Yatsani bit ya DBG_IWDG_STOP ndi ya timer yanu poyesa, kapena chotsani waya wa pampu muike babu m'malo mwake mpaka mutapeza chomwe chikuizimitsa.